Tiwaphunzitse chiyani a ICT kuti aziteteza deta ya ofufuza kuno ku Mangochi?

Mpondasi_ICT

Moni akuluakulu nonse. Funso langa likufuna anthu amene ntchitoyi amaidziwa bwino. Kuno ku Mangochi kuli magulu angapo a ofufuza a m'mayunivesite amene amatolera deta ya zaumoyo m'midzi, ena cha ku Lungwena ndi ku Malindi, ena mpaka ku Makanjira ndi ku Namwera. Amagwiritsa ntchito matabuleti, malaputopu ndi seva imodzi yaing'ono. Amene amawathandiza pa za makompyuta ndi anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Kuika Windows, kukonza pulinta, kukoka waya wa netiweki, zonsezo amazitha. Koma tsopano mabungwe akunja opereka ndalama za kafukufuku akutumiza mafomu ataliatali ofunsa kuti deta ikutetezedwa bwanji, amaiona ndani, ndipo ikasowa chimachitika n'chiyani. Atatuwa zimenezi sanaphunzirepo.

Pali miyezi 6 ndi kandalama kochepa kowaphunzitsira. Tiyambire pati? Ena akuti alembe mayeso a satifiketi ya za chitetezo cha makompyuta yotchedwa Security+, ena akuti tigule firewall yodula (chipangizo chotchinga olowa pa netiweki popanda chilolezo), nkhani ithe. Chimene tikufuna n'chakuti akamaliza, ofufuza azithamangira kwa iwo, osati kuwazemba.

Mlonda_wa_Seva

Achimwene, firewall iyembekeze kaye. Pa kafukufuku wa m'midzi, deta imakhala pangozi kwambiri ili m'njira, isanafike n'komwe pa seva, komanso ikatuluka pa seva kupita m'malaputopu a anthu. Firewall siiona zonsezo.

Mwezi woyamba atatuwo asakhalitse mu ofesi. Aliyense apatsidwe kafukufuku mmodzi, awerenge protocol yake yonse (chikalata chofotokoza mmene kafukufukuyo achitikire) pamodzi ndi kalata ya chilolezo imene anthu amasaina kapena kudinda chala, ya Chichewa ndi ya Chiyao yomwe. M'kalatamo ndi mmene muli lonjezo limene ofufuza anapereka kwa mayi wa kumudzi, lakuti nkhani zake sizidzamveka kwina. Ntchito ya wa chitetezo ndi kusunga lonjezo limenelo, ndiye ayenera kulidziwa mawu ndi mawu. Akatero akwere galimoto limodzi ndi otolera deta kwa masiku osachepera atatu, ali ndi kope ndi cholembera, alembe ulendo wonse wa deta. Tabuleti imagona kuti usiku? Amaichaja kuti? Ngati yankho ndi lakuti pa kashopu kochajira mafoni pamsika, pamene imasiyidwa maola atatu ili pa waya wa munthu wina, mwapeza kale vuto loyamba. Mafomu amakhala masiku angati m'tabuleti netiweki isanapezeke? Akafika pa seva, ndani ali ndi mphamvu zowakopera mu Excel? Fayilo ya Excel ija imapita kuti, pa fulashi, pa imelo, pa WhatsApp? Nanga mapepala a chilolezo ndi kaundula wolumikiza dzina la munthu ndi nambala yake ya kafukufuku amasungidwa m'kabati iti, kiyi ali ndi yani? Pomaliza aliyense ajambule ulendowo pa pepala limodzi, aupereke kwa mkulu wa kafukufukuyo kuti akonze pamene walakwitsa. Pepala limenelo ndilo lidzayankha theka la mafomu akunja aja.

Mwezi wachiwiri agwire zipangizo ndi manja. Pa tabuleti iliyonse: PIN ya manambala 6 kapena kuposa, osati yojambula ndi chala chifukwa mafuta a chala amasiya mzere pagalasi, izidzitseka yokha pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri, USB debugging izime, ndipo pasakhale akaunti ya Google ya mwini wake wa munthu. Matabuleti atsopano a Android amabwera kale ndi encryption (kutseka deta kuti isawerengeke popanda kiyi yake), koma popanda PIN zili ngati chitseko chachitsulo chosakhoma. Ngati mukugwiritsa ntchito ODK, pulogalamu yotolera deta pa tabuleti, aphunzire kutsegula encryption ya mafomu ndi kutchera kuti fomu izifufutika m'tabuleti ikangotumizidwa. Pali zinthu ziwiri zimene ambiri amapunthwa nazo. Choyamba, fomu imatsekedwa pokhapokha wotolera deta akaimaliza n'kuitsimikiza. Imene yasiyidwa ngati draft imakhala yosatseka, choncho lamulo likhale lakuti dzuwa lisalowe draft ili m'tabuleti. Chachiwiri, mawu achinsinsi otsegulira deta ija akatayika, palibe angaibweze, ngakhale amene anapanga pulogalamuyo. Alembedwe papepala, makope awiri, aliyense mu envelopu yomata, m'makabati awiri osiyana okhoma, ndipo anthu awiri adziwe pamene ali.

Pa malaputopu, pulogalamu ya encryption ndi BitLocker, imene imapezeka yathunthu mu Windows Pro, Education ndi Enterprise. Kiyi yake yobwezeretsera ili ndi manambala 48. Isungidwe kutali ndi laputopuyo, chifukwa BIOS ikasinthidwa kapena bolodi ikakonzedwa, kompyuta imafunsa kiyiyo isanatsegule china chilichonse. Mafulashi atsekedwe ndi VeraCrypt, ndi yaulere. Aliyense mwa atatuwo atseke laputopu yoyeserera, aisokoneze dala, aitsegulenso ndi kiyi. Achite zimenezi mpaka manja azolowere.

Musaiwale kutentha kwa kuno. Tabuleti yosiyidwa pa dashibodi ya galimoto mu Okutobala batire lake limatha kufufuma, ndipo ikafa ili ndi mafomu a masiku anayi osatumiza, deta yapita popanda mbava iliyonse. Gulani ma power bank, imodzi pa tabuleti ziwiri zilizonse, kuti nkhani ya kashopu kochajira ija ithe.

Mayi_wa_Deta

Ndikugwirizana ndi a Mlonda_wa_Seva, koma ndionjezere mbali imene a ICT ambiri sanaiphunzire kusukulu: malamulo, ndi kubisa mwini deta.

Malamulo akuno ndi awiri oyenera kuwawerenga, osati kungowamva. Loyamba ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kulowa m'makompyuta a ena popanda chilolezo ndipo linakhazikitsa Malawi CERT, gulu lothana ndi ziwembu za pa makompyuta, pansi pa MACRA. Lachiwiri ndi Data Protection Act la 2024, limene limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la deta yofuna chisamaliro chapadera, ndipo limafuna kuti deta ikabedwa kapena kuululika, MACRA idziwitsidwe. Kupatula apo pali makomiti ovomereza kafukufuku, monga COMREC ya ku KUHeS ndi NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo. Zimene ofufuza analemba mu protocol yovomerezedwa pa kasungidwe ka deta n'zomanga. Kusamutsa deta kupita ku seva ina, makamaka ya kunja, sikuchitika chifukwa wa ICT waona kuti n'kwabwino. Pamafunika mgwirizano wolemba wosamutsira deta, ndipo nthawi zina kubwereranso ku komiti. Ngati mnzanu wa kafukufuku ali ku Ulaya, amamangidwa ndi GDPR, lamulo la kumeneko loteteza deta, limene limapereka maola 72 okha kuti adziwitse akuluakulu deta ikaululika. Ndiye tabuleti ikasowa Lachisanu ku Makanjira, nkhani isadikire Lolemba. Ngati gulu likugwiritsa ntchito deta ya majini yochokera m'nkhokwe zotetezedwa za NIH, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, kuyambira pa 25 Januwale 2025 makompyuta osungira detayo amayenera kutsata chikalata cha za chitetezo chotchedwa NIST SP 800-171. Mtundu wachiwiri wa chikalatachi uli ndi zofunika 110. Atatuwo asachiloweze pamtima, koma adziwe kutenga chofunika chimodzi, kuona ngati chikuchitika, ndi kulemba umboni wake.

Tsopano kubisa mwini deta. Wa ICT watsopano amaganiza kuti akachotsa dzina ndi nambala ya foni, ntchito yatha. Muonetseni mzere uwu: wamkazi, zaka 17, mudzi wakutiwakuti, anabereka mapasa pa tsiku lakutilakuti, zotsatira za magazi zakutizakuti. Palibe dzina, koma aliyense wa m'mudzimo, kuyambira a mfumu mpaka mwana wa sukulu, amudziwa mtsikanayo. Mudzi wa mabanja makumi angapo subisa munthu. Choncho aphunzire kukonza fayilo isanatuluke. Zaka ziikidwe m'magulu a zisanuzisanu. Mudzi ulowedwe m'malo ndi dera lalikulu, la T/A kapena la chipatala chaching'ono. Masiku asunthidwe, REDCap, pulogalamu yosungira deta ya kafukufuku, imatha kusuntha masiku a munthu aliyense ndi chiwerengero chofika 364 pamene mukukopera deta, kutalikirana kwa masikuwo osasintha. Malo amene wotolera deta amalemba momasuka awerengedwe ndi maso, chifukwa m'menemo ndi mmene mumapezeka mawu ngati akuti mkazi wachiwiri wa mphunzitsi wamkulu.

GPS ndi nkhani ina yake. Nambala ya GPS ya pakhomo ndi dzina ndithu. Kafukufuku wa DHS, woona za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo, amasuntha malo mpaka makilomita 2 m'tauni ndi makilomita 5 kumudzi, ndipo malo amodzi mwa 100 alionse a kumudzi amasunthidwa mpaka makilomita 10. Mukatsata njira imeneyi kuno, yang'anani mapu mukamaliza, chifukwa midzi ya m'mphepete mwa nyanja imatha kugwera m'madzi, ndipo wowerenga wochenjera adzadziwa kuti mudzi weniweni uli pagombe loyandikira. Muyenera kuika malire kuti malo osunthidwawo agwere pamtunda, m'boma lomwelo.

Mawu ojambulidwa pa zokambirana za m'magulu sangabisidwe konse, liwu la munthu limadziwika. Womasulira kuchokera m'Chiyao asaine chikalata chosunga chinsinsi, agwirire ntchito pa kompyuta ya kafukufuku osati yake, ndipo mawuwo afufutidwe pa nthawi imene protocol inanena.

Ntchito imodzi muwapatse yochita miyezi itatu iliyonse: atulutse mndandanda wa onse amene ali ndi akaunti pa REDCap kapena ODK Central, akhale pansi ndi mkulu wa kafukufuku, awerenge dzina ndi dzina. Ophunzira amene anamaliza maphunziro, otolera deta amene kontrakiti yawo inatha, onsewo achotsedwe tsiku lomwelo. Wotolera deta wa ku Namwera alibe chifukwa choonera za ku Lungwena. Mu REDCap zimenezi zimakonzedwa ndi Data Access Groups. Ndipo akaunti imodzi yogawana anthu asanu ithe, chifukwa chikalakwika chinthu, kaundula wa pulogalamuyo sangakuuzeni amene wachita.

Che_Mlangizi

Achemwali a Mayi_wa_Deta anena zoona. Ine ndikhudze za mbava, chifukwa ofufuza ambiri amakhulupirira kuti palibe angalimbane ndi deta ya malungo kapena ya kunyentchera kwa ana.

Mu Malichi 2018 boma la America linatsegulira milandu anthu 9 a ku Iran ogwirizana ndi Mabna Institute, powaganizira kuti anabera mayunivesite 144 a ku America ndi ena 176 a m'mayiko 21, n'kutenga deta yoposa matelabaiti 31. Njira yawo inali imelo yopita kwa mphunzitsi, yoyamikira pepala limene anasindikiza, yokhala ndi linki yoti aonenso mapepala ena. Linkiyo inkatsegula tsamba lofanana ndi la yunivesite yake, iye n'kulembapo mawu ake achinsinsi. Mu Disembala 2019 Maastricht University ya ku Netherlands inatsekeredwa maseva ndi ransomware (pulogalamu ya mbava yotseka deta n'kufuna dipo), ena mwa ma backup nawonso anakhudzidwa, ndipo inalipira ma bitcoin 30, pafupifupi mayuro 200,000. Mbavazo zinalowa kudzera pa imelo miyezi iwiri m'mbuyo mwake. Mu Juni 2020 University of California San Francisco inalipira madola 1.14 miliyoni kuti itsegule deta ya sukulu yake ya zamankhwala. Mbava za ransomware sizifunsa ngati deta ili ndi msika, zimangofuna kuti mwini wake aifune kwambiri. Deta ya ana amene atsatidwa zaka zisanu simungaitolerenso.

Ndiye mwezi wachitatu ndi wachinayi ukhale wa zinthu zitatu. Choyamba, chitsimikizo chachiwiri polowa pa imelo ndi pa seva. Gwiritsani ntchito app ya pafoni yotulutsa manambala, osati SMS. App imeneyi imagwira ntchito ngakhale kumene kulibe netiweki, manambala ake amasintha masekondi 30 alionse, ndipo siikhudzidwa wina akabera nambala ya foni posinthitsa SIM. Ikamakana manambala olondola, yang'anani wotchi ya foniyo, kawirikawiri imakhala yatsalira kapena yathamanga. Aliyense asindikize manambala obwezeretsera papepala foni isanasowe.

Chachiwiri, backup: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumbayo. Kwa inu zikhoza kukhala seva, hard drive yotsekedwa ndi encryption, ndi kope lina ku likulu la yunivesite. Hard drive ija izichotsedwa pa seva backup ikatha, chifukwa ikakhala yolumikiza nthawi zonse, ransomware imaitseka pamodzi ndi zina zonse. Google Drive kapena OneDrive yongofananiza mafayilo musaiwerengere ngati backup, fayilo ikaonongeka pa laputopu, choonongekacho chimakwera kumwamba nachonso. Kamodzi pamwezi mmodzi mwa atatuwo abwezeretse deta yonse pa kompyuta ina, awerenge mizere ngati ikufanana ndi ya pa seva, alembe nthawi imene zatenga. UPS (batire losungira magetsi) ya 1500 VA imapatsa seva mphindi zochepa, osati maola. Ilumikizidwe ndi waya wa USB kuti magetsi akathima seva izizima yokha mwadongosolo, apo ayi database imatha kuonongeka ikuzima pakati polemba. Mabatire a UPS amafa msanga m'chipinda chotentha, ayesedwe miyezi itatu iliyonse pozula pulagi.

Chachitatu, sewero la patebulo, la ola limodzi ndi theka, limodzi ndi ofufuzawo. Nenani kuti ndi Lachisanu 4 koloko madzulo, chikwama chokhala ndi tabuleti chatsala m'minibasi pa Mangochi Turn-Off kapena pa depoti, muli mafomu 40 osatumiza. Ndani aimbiridwa foni poyamba? Ndani atseka akaunti ya tabuletiyo pa seva? Ndani alembera komiti, MACRA ndi mnzanu wa kunja? Bwerezani ndi nkhani ya laputopu imene yaonetsa uthenga wofuna dipo. Yankho loyenera ndi kuzula waya wa netiweki ndi kuzimitsa Wi-Fi, osaifufuta, osaiyambitsanso, chifukwa umboni uli momwemo. Ndipo pakhale lamulo lolengezedwa lakuti wonena msanga kuti wataya chipangizo kapena wadina linki yoipa sadzudzulidwa. Mukangomudula malipiro wotolera deta mmodzi, ena onse adzabisa.

Pa za satifiketi ndisiyane pang'ono ndi amene angaikane. Ndi yothandiza, imawapatsa mawu a ntchitoyi, ndipo mafomu akunja amafunsa za maphunziro a ogwira ntchito. Koma ibwere m'mwezi wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. CC ya ISC2 ndi yoyambira, Security+ ya CompTIA ndi yozamirapo. Poyeserera, laputopu imodzi ya RAM ya 16 GB yokhala ndi VirtualBox (yopangira makompyuta oyeserera) komanso Wireshark ndi Nmap (zofufuzira netiweki) ndi yokwanira. Asayendetse Nmap pa netiweki yeniyeni popanda chilolezo cholemba. Awerengenso Framework ya Trusted CI, gulu la ku America lothandizidwa ndi National Science Foundation loona za chitetezo cha kafukufuku. Ili ndi mfundo 16, ndipo zoyambirira zimanena za kugwirizanitsa chitetezo ndi cholinga cha kafukufukuyo. Kuno kwathu alumikizane ndi MAREN, netiweki ya mayunivesite ndi ofufuza, komanso UbuntuNet Alliance imene ofesi yake ili ku Lilongwe, kuti akhale ndi anzawo owafunsa.

Mpondasi_ICT

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Pali ziwiri zina zimene atatuwa adzakumane nazo ndithu. Mu labu muli makina oyezera amene kompyuta yake imayendera Windows 7, ndipo pulogalamu yake siigwira pa Windows yatsopano. Komanso anamwino a kafukufuku anazolowera kujambula pepala la zotsatira n'kutumizira dokotala pa WhatsApp kuti ayankhe msanga. Wa ICT wa zaka 25 angamuuze bwanji pulofesa kuti zimenezi zisiyike?

Mlonda_wa_Seva

Asamuuze kuti zisiyike, achimwene. Apite ndi njira ina m'manja imene ikugwira ntchito yomweyo pa liwiro lomwelo. Namwino akutumiza chithunzi chifukwa mwana ali patsogolo pake ndipo dokotala ali kutali; mukangoletsa, adzapitiriza mobisa, ndipo adzakhala akulondola.

Windows 7 inasiya kulandira zokonza za chitetezo pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 inafika pomwepo pa 14 Okutobala 2025, ndiye vuto limeneli likula. Kompyuta ya makinawo musaisinthe Windows, mukhoza kupha makina a ndalama zambiri ndi kuononga mgwirizano ndi kampani yowakonza. Ipatuleni. Zulani waya wa intaneti, zimitsani Wi-Fi, ndipo pasatsegulidwe imelo kapena kuchajirapo foni. Ngati switch ya netiweki yanu imalola VLAN (kugawa netiweki m'zigawo), ikani kompyutayo payokha, izilankhula ndi foda imodzi yokha ya pa seva. Ngati ayi, pakhale fulashi imodzi yolembedwa dzina la makinawo ndi penti, yomangiriridwa pa kiyi wa labu, yoyendera pakati pa makinawo ndi kompyuta imodzi yokha yokhala ndi antivirus yatsopano. Madoko ena onse a USB atsekedwe. Tengani chithunzi cha hard disk yonse ndi Clonezilla, musunge makope awiri pamodzi ndi layisensi ya pulogalamuyo, chifukwa disk yakale ikafa, kupeza pulogalamu ija kumatenga miyezi. Katswiri wa kampani akabwera kudzakonza, fulashi yake iyambe yayesedwa pa kompyuta ina. Ndipo makina a labu musawayese ndi Nmap, ena amaima pakati pa ntchito akalandira mauthenga amene sakuwadziwa.

Pa WhatsApp, uthenga uli m'njira ndi wotsekedwa, vuto lili kumapeto. Chithunzicho chimatsala mu gallery ya namwino ndi ya dokotala, chimatha kukwera chokha ku Google Photos, ndipo madzulo foni yomweyo amaseweretsa ana kunyumba. Njira ya lero lomwe: pepala la zotsatira likonzedwenso kuti dzina likhale pamwamba, pa kachigawo kopinda, nambala ya kafukufuku ikhale pansi pamodzi ndi zotsatira. Namwino apinde pamwambapo asanajambule. Gulu la WhatsApp likhale la anthu oyenera okha, Media visibility izime, mauthenga atcheredwe kuti azifufutika pakatha maola 24. Njira yokhalitsa: foni ya kafukufuku pa malo alionse, ndi kafomu ka ODK kojambula chithunzi n'kutumiza ku seva, dokotala n'kulandira uthenga wongoti nambala yakuti yafika.

Pamene mkulu wa kafukufuku waumirira kupitiriza njira yoopsa, wa ICT asakangane naye. Alembe pepala limodzi: chimene chikuchitika, chimene chingalakwike, amene angapwetekeke, njira zimene zaperekedwa, ndi tsiku lodzaunikanso nkhaniyo, lisapitirire miyezi 6. Mkuluyo asaine, kope lipite kwa woyang'anira kafukufuku ku yunivesite. Atatuwo ayeserere kulemba pepala limeneli m'mwezi wachinayi, poyambira pa kompyuta ya Windows 7 ija, ndipo aliwerenge mokweza pamaso pa namwino mmodzi wa kafukufuku. Mawu alionse amene namwinoyo afunse tanthauzo lake achotsedwe, alembedwe ena.